Ambuya Ayendera Malo Opatulika Pamodzi ndi Mbumba Yao

Mwezi wa August ndiwo mwezi wa maulendo m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi. Pa nthawi imeneyi cimanga cimakhala cili m'nkhokwe, thonje ndi nshawa zitapita kumsika, ana a sukulu ali pa chuthi, ndipo mitsinje imene imatsekereza anthu m'dzinja imakhala itasanduka mcenga wokhawokha. Amene ali ndi ngongole ya ulendo amaibweza mwezi umenewu. Ena amapita kukaona abale, ena kukamanga ziliza, ndipo ambiri amalunjika ku malo a mapemphero ndi ku Mkaika, kumene mwambo wa Kulamba umacitika pa Ciweru cotsiriza ca mweziwo.

Pakati pa apaulendo a caka cino panali banja lina la m'dziko la Mfumu Kawaza. Ulendo wao unali wa masiku asanu, ndipo anauyenda pa kamotoka konyamulira mbewu. Kutsogolo kunakhala ambuya, nchembere ya zaka zoposa 80, pamodzi ndi mwana wao wamwamuna amene anali kuyendetsa. Kumbuyo, pakati pa mabulangete, thumba la ufa, mapoto ndi nkhuku ziwiri zomanga miyendo, kunakhala mwana wao wamkazi, mdzukulu wao wamkazi wa zaka 24, ndi tianyamata tiwiri ta sukulu.

Anthu a pamudzi anayesa kuti ndi ulendo wokasangalala, koma m'banjamo munali nkhani imene inadetsa mitima kwa miyezi isanu ndi umodzi. Mdzukulu wamkaziyo anapeza mnyamata womufunsira, mphunzitsi wa khalidwe labwino, koma wa mpingo wa Katolika. Banjali ndi la Reformed Church in Zambia, mpingo umene akuluakulu amauchulabe kuti wa Adachi. Mwa mwambo wa Acewa, ukwati wa mwana sungamangidwe popanda mau a amalume ake, pakuti iwo ndiwo mwini mbumba. Tsono amalumewo, amene alinso mkulu wa mpingo, anabweza amithenga a mnyamatayo kawiri konse. Mlongo wao analeka kuwapatsa moni, ndipo mtsikanayo anayamba kunena zothawira ku Lusaka. Ambuya anaona kuti mudzi uli kupasuka iwo akali moyo. Sanaweruze mlandu ai. Anangonena kuti maso ao ayamba kucita nkhungu, ndipo afuna kuonanso malo amene anapitako pa utsikana ndi pa ukwati wao asanaleke kupenya. Pempho lotere mwana sangalikane.

KU NYANJE

Anayamba ndi Nyanje, pa Ciwiri m'mamawa. Munthu wopita kumeneko amasiya mseu waukulu wa Great East pa Sinda nalowera kumwera, kumbali ya malire a Mozambique, kupyola midzi, madimba ndi timapiri ta miyala.

Mishoni ya Nyanje inatsegulidwa m'caka ca 1905 ndi amishoni a Dutch Reformed Church ocokera ku Orange Free State, m'dziko la South Africa. Iwo anayamba nchito yao m'dziko lino pa Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1899, ndipo kucokera pamenepo anatsegula Madzimoyo mu 1903, kenaka Nyanje. Kumene anakhazikika anali kumanga zinthu zitatu moyandikana: chalichi, sukulu ndi nyumba ya odwala. Mpaka lero cipatala ca Nyanje cili kuthandiza anthu a m'boma la Sinda. Mpingowo unadzoza m'busa wake woyamba wa m'dziko lino, Justo Mwale, mu 1929, ndipo unatenga dzina la Reformed Church in Zambia mu 1968, utayamba kudzilamulira wokha.

Atatsika m'motoka, ambuya anapempha mpando naukhazika pamthunzi, moyang'ana chalichi. Anasimbira adzukulu ao za masiku a Mgonero Woyera pamene iwo anali mtsikana. Akhristu a m'midzi yakutali anali kunyamuka pa Cisanu, akazi atasenza ufa ndi mfutso, amuna atanyamula mikeka. Anali kugona m'misasa ya udzu, ndipo usiku wonse pamalopo pamamveka nyimbo ndi kuthetheka kwa moto. A m'kalasi ya ubatizo anali kufunsidwa mafunso a Katekisma mmodzimmodzi pamaso pa akulu, ndipo wolephera anali kubwerera kwao kukadikira caka cina. Buku limene anaphunzirira kuwerenga linali Buku Lopatulika, limene kumasulira kwake kunatha mu 1922.

Amalume anasangalala ndi mau amenewa. Anatembenukira kwa mwana wa mlongo waoyo nati, "Wamva? Mcombo wathu unagwera pano. Munthu sasiya nyumba imene anamanga makolo ake."

Ambuya anavomera ndi mutu. Kenaka analoza kumbali ya bwalo nati, "Inde mwananga, ndinabatizidwa pano. Koma kalasi sindinaliyambe ndekha. Tinali awiri ndi mlongo wanga, amalume anu aja. Iye sanalimalize. Tiyeni ku Chassa tikaone kumene anakamalizira."

KU CHASSA

Chassa ndi mishoni ya Akatolika ya m'boma lomwelo la Sinda. Ansembe ochedwa White Fathers, amene anakhazikika pa Kachebere m'malire a Malawi mu 1903, anaitsegula mu 1936. Pambuyo pake panamangidwa sukulu ya sekondale ya anyamata yoyang'aniridwa ndi Marist Brothers, imene yatulutsa aphunzitsi, madokotala ndi anchito a boma ambiri a m'cigawo cino ca Kum'mawa.

Owerenga acinyamata sangadziwe kukula kwake kwa mpikisano umene unalipo pakati pa mishoni ziwirizi. M'masiku amenewo sukulu ya m'mudzi inali ya mpingo, ndipo mphunzitsi ndiye analinso mlaliki. Mfumu ya mudzi ikalandira sukulu ya Adachi, mudzi wonse unali kuwerengedwa wa Adachi. Ikalandira ya Aroma, unali wa Aroma. Motero aphunzitsi a mbali ziwirizo anali kuthamangitsana kuti afike msanga kwa mafumu, ndipo ana a midzi yoyandikana, omwa madzi a citsime cimodzi, anali kukula akunyozana cifukwa ca mayina a mipingo imene inayambana ku Ulaya zaka mazana anai iwo asanabadwe.

Mlongo wa ambuya anali mnyamata wanzeru wokonda sukulu. Malo a maphunziro opitirira anawapeza kwa Aroma, ndipo kumeneko anabatizidwa. Atabwera pa chuthi ali ndi korona m'khosi, atate ao anakankhira kumbali mbale ya nsima nanena kuti sadzadyanso naye pamodzi. Mnyamatayo anadzuka mwaulemu, natenga kathumba kake. Atamaliza sukulu anapita ku nchito ku migodi ya ku Copperbelt, ndipo zaka 11 zinatha osaponda pakhomo pa atate ake.

"Atate atadwala matenda otsiriza," anatero ambuya, "usiku anali kuitana dzina limodzi lokha. Tinatumiza kalata, koma kalata inayenda pang'onopang'ono kuposa imfa. Anafika titaika kale. Anagona pa mtumbira, munthu wamkulu wa ndevu, akulira ngati khanda. Ine ndinalipo, ndinaona ndi maso omwe alikudawa."

Onse anakhala cete. Amalume anali kudziwa bwino munthu amene anali kunenedwayo, pakuti ndiye anawalipirira sukulu ndi kuwagulira nsapato zao zoyamba. Koma za mbale yokankhidwa ija anali asanamvepo. Banjalo linaphika nsima pansi pa mtengo kunja kwa mishoni, ndipo nkhuku yoyamba inathera pamenepo. Madzulo analowera kum'mawa, nakagona kwa abale pa Katete.

PA CIPATALA CA ST FRANCIS

Tauni ya Katete ili m'tsinde mwa mapiri a miyala a Mphangwe ndi Kangarema, pamene mseu wopita ku Chanida ndi ku Tete umapatukira pa mseu waukulu. Apaulendo ambiri amaidziwa cifukwa ca masitolo ndi msika, koma m'midzi dzina la Katete likamveka, anthu amayamba kuganiza za cipatala ca St Francis.

Cipatalaci cinayambidwa mu 1948 ndi Francis Trefusis, wansembe wa mpingo wa Anglican amene analinso dokotala. Dokotala wina, James Cairns, anafika mu 1958 nagwira nchito pamenepo zaka zoposa 30, kufikira cipatalaco cinakula ndi kuchuka m'cigawo conse. Pali sukulu yophunzitsa anamwino, ndipo odwala amene zipatala zazing'ono zalephera amatumizidwa kumeneko. Cinthu cimene ambiri sacilingalira ndi cakuti kuyambira m'zaka za m'ma 1980 cipatalaci cimayendetsedwa ndi mipingo iwiri pamodzi, wa Anglican ndi wa Katolika, mothandizidwa ndi boma.

Ambuya sanafune kulowa m'kati, pakuti malo a odwala si oonerera. Anaima pafupi ndi cipata, pamene amai odikirira odwala anali kudutsa ndi nkhuni ndi mabakuli a cakudya. Anagwira mkono wa mwana wao wamwamuna nati, "Inu munabadwira muno mu 1968. Ndinavutika masiku awiri kumudzi, anamkungwi atayesa zonse. Atate anu anabwereka ngolo, ndipo tinayenda usiku wonse, ng'ombe zikupunthwa mumdima. Madokotala anacita kunding'amba kuti akutulutseni. Mwazi umene anandipatsa sindidziwa mwini wake, kaya anali wa Dachi, kaya Mroma, kaya wa gule. Pa cipata ici palibe anandifunsa za kalata ya mpingo. Anangofunsa kuti, Amai, mwayamba liti kumva kuwawa?"

Kamnyamata kamodzi kanafunsa ngati mipingo iwiri ingathe kusunga thumba limodzi la ndalama osamenyana. Amai a mtsikana uja, amene anali asanalankhule ciyambire ulendo, anayankha kuti ngakhale Baibulo analimasulira pamodzi. Ananena zoona. Kwa zaka zambiri Adachi ndi anzao anali kuwerenga Buku Lopatulika, pamene Akatolika anali ndi lao lochedwa Malembo Oyera, limene linatuluka mu 1966. Koma akatswiri a mbali zonse, a ku Zambia ndi a ku Malawi, anakhala pa tebulo limodzi kwa zaka zambiri, ndipo mu 1998 panatuluka Buku Loyera, limene Mkatolika ndi wa Reformed angawerenge pa mkeka umodzi.

M'TSINDE MWA MPHANGWE

Masana a tsiku lomwelo, la Citatu, anapita ku malo a mapemphero a Mphangwe, kumene Akatolika a Dayosisi ya Chipata amayendera ulendo wa cipembedzo polemekeza Maria, amai ake a Yesu. August ndi mwezi waukulu kwa iwo, pakuti pa 15 amakumbukira kutengedwa kwa Maria kumwamba. Malowo ndi a phee, phiri lili pamwamba pao ngati mlonda, ndipo mphepo ya m'miyala imaziziritsa thukuta la woyenda. Banjalo linapeza gulu la amai ovala zitenje zofanana, ena atayenda pansi kucokera kutali, alikupemphera korona mogwada, mapazi ali mbuu ndi fumbi.

Amalume anakana kutsika. Anati iwo sagwadira cifanizo, ndipo ambuya sanawakakamize. Koma dzuwa litakula m'motoka munatentha, ndipo anatuluka nakakhala pamwala. Pomwepo panali katekisti wina wacikulire alikupumula. Anapatsana moni, nafunsana za mvula ndi mitengo ya feteleza, ndipo monga mwa cikhalidwe ca amuna acikulire, nkhani inakoka inzake mpaka inafika pa imene inali kuwadya mumtima.

Katekistiyo sanabise kanthu. Anafotokoza kuti Mkatolika angathe kukwatira kapena kukwatiwa ndi Mkhristu wa mpingo wina ngati walandira cilolezo ca abishopu, ndipo kuti winayo sakakamizidwa kusiya mpingo wake. Cimene cimafunika ndi cakuti Mkatolikayo alonjeze kusunga cikhulupiriro cake ndi kucita zimene angathe kuti ana abatizidwe ndi kuleredwa m'Cikatolika. Mnzakeyo amadziwitsidwa za lonjezolo, koma iye salumbiritsidwa. Lamuloli linafewetsedwa motere mu 1970, pakuti kale onse awiri anali kulonjeza.

Apa amalume anapeza pamene panali pogona nkhani. Mantha ao anali akuti mwana wa mlongo wao adzabatizidwanso ndi kutayika. Tsono anamva kuti zimenezo sizifunika. Koma za ana obadwa m'banjalo zinawalasa, pakuti kwa Acewa ana ndi a mbumba ya amai, ndipo mwini mbumba sangakondwe kumva kuti za adzukulu ake zalonjezedwa kwina iye kulibe. Anatsazikana ndi katekistiyo mwaulemu, aliyense ataima pa mfundo yake. Pobwerera ku motoka anafunsa mtsikanayo, kwa nthawi yoyamba m'miyezi isanu ndi umodzi, ngati wamwa madzi.

ULENDO WA KU MSORO

Pa Cinai anadzuka tambala woyamba, pakuti ulendo wa ku Msoro ndi wautali. Mseu wake umacoka pa Katete kulowera kumpoto, ndipo umatsika pang'onopang'ono kucoka kumtunda kunka ku cigwa ca Luangwa. Munthu amazindikira kuti watsika poona mitengo ya tsanya ndi milambe, ndiponso pomva kutentha kumene kumayamba dzuwa lisanakwere. Kumeneko ndi m'boma la Mambwe, dziko la Akunda.

Msoro ndi malo olemekezeka kwa Akhristu a Anglican cifukwa ca munthu mmodzi, Leonard Kamungu. Iye anabadwira m'mbali mwa nyanja ya Malawi, anaphunzira ku Zanzibar, ndipo anadzozedwa unsembe mu 1909. Mpingo wa Anglican utakhazikitsa dayosisi yake m'dziko lino mu 1910, Bishopu John Hine anafuna munthu wokatsegula nchito kum'mawa, ndipo Kamungu anavomera kusiya kwao. Mishoni zina zonse zimene banjali linayendera zinatsegulidwa ndi Azungu, koma Msoro inatsegulidwa ndi munthu wakuda, wolankhula Cinyanja, woyenda pansi m'midzi ndi kudya cimene eni mudzi anali kudya. Anamanga chalichi ndi masukulu, nasonkhanitsa ophunzira ambiri, koma anamwalira komweko mu February 1913 asanathe zaka zitatu pa nchitoyo. Lero chalichi ca St Luke pa Msoro ndico cikulu ca Dayosisi ya Anglican ya kum'mawa kwa Zambia, ndipo dzina la Kamungu limakumbukiridwa caka ndi caka.

Koma ambuya sanabwere cifukwa ca Kamungu yekha. Malemu amuna ao, atate a ana aowa, anali Mkunda wa m'midzi ya kumeneko, ndipo anali wa Anglican. Anapita ku dziko la Kawaza ngati mkamwini, namwalira mwana wao wamwamuna ali ndi zaka 6 zokha. Cifukwa ca kutalika kwa njira ndi kusowa kwa ndalama, anawo anakula osaona kwao kwa atate ao.

Atafunsafunsa, anapeza mudziwo dzuwa litapendeka. Mlongo wa malemuwo anali akali moyo, wokalamba ndi wosamva bwino. Atayang'anitsitsa nkhope ya amalume, anaomba m'manja nalira, akuchula dzina la mlongo wake amene anamwalira zaka 50 zapitazo, pakuti anati mphumi ndi mayendedwe ndi zomwezo. Mudzi wonse unasonkhana. Anaphika mpunga, ndipo nkhuku yaciwiri ija inakanidwa, eni mudzi nati mwana wobwera kwao sadya nkhuku yake.

Usiku, pa moto, ambuya analankhula poyera. "Atate anu ndinakhala nao zaka 14. Pa Sondo iwo anali kukwera njinga kupita kwao kokapemphera, ine ndi inu pamsana kupita kwathu. Madzulo tinali kugwada pa mphasa imodzi. Za ubatizo wanu tinakangana mwezi wathunthu, sindikubisirani. Koma tinakangana tili m'nyumba imodzi, ndipo potsiriza iwo anati ana atsate amai ao. Akulu a ku mudzi kuno akanabweza amithenga monga mwabwezera inu, bwenzi inuyo kulibe."

Amalume anayang'ana pansi nthawi yaitali, akutokosa phulusa ndi kamtengo. Sanayankhe.

KU MKAIKA

Pa Cisanu anakwera kubwerera kumtunda. M'njira tianyamata tija tinafunsa kumene anthu anali kupemphera amishoni asanabwere. Ambuya anatiuza za kacisi, kanyumba kaudzu ka pansi pa mtengo, kumene akuluakulu anali kuthira nsembe ya ufa ndi mowa popempha mvula kwa Cauta kupyolera mwa mizimu ya makolo. Anachulanso Msinja, ku Malawi, kumene kunali kacisi wamkulu wa Acewa woyang'aniridwa ndi Makewana. Ndipo m'boma la Katete lomweli muli mapanga a Makwe ndi Mkoma, m'mene anthu akale anasiya zithunzi pa miyala, zimene tsopano zimatetezedwa ndi lamulo la dziko. Ananena kuti dziko lino silinayambe kupemphera mu 1899.

Pofika pa Mkaika madzulo anapeza mudzi utasanduka mzinda. Mabasi ndi malole a ku Malawi ndi ku Mozambique anali ndanda, misasa ili ponseponse, utsi wa moto wophikira uli tolo. M'khamu limenelo anakumana ndi mwana wina wamkazi wa ambuya, wokwatiwa ku Vubwi kwa Mfumu Pembamoyo, amene anabwera ndi ana ake kudzera ku Chadiza. Mbumba yonse inagona pamodzi.

Mkaika ndi likulu la Kalonga Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Acewa a m'maiko atatu. Akuluakulu amamasulira maina ake motere: Kalonga ndiye wolonga mafumu, Gawa ndiye wogawa dziko, ndipo Undi ndiye wofungatira anthu monga mbalame ifungatira ana ake. Kulamba ndiko kubwera kwa mafumu ang'onoang'ono kudzagwada pamaso pake, kupereka mitulo ndi kufotokoza za mtendere, zokolola ndi mavuto a m'maiko ao. Boma la atsamunda linaletsa mwambowu mu 1934, ndipo unakhala zaka 50 uli m'tulo kufikira Kalonga Gawa Undi X anaudzutsa mu 1984. Amene ali pa mpando tsopano, Gawa Undi XI, analowa ufumu mu 2004. M'caka ca 2007 atsogoleri a maiko onse atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala pamodzi pa bwalo limeneli.

Pa Ciweru m'mawa, mfumu itatulukira, khamu lonse linagunda ndi mau amodzi akuti Yoo Gawa! Mafumu anadza motsatizana, aliyense ndi anthu ake ndi mitulo yake. Anamwali anavina motsogozedwa ndi anamkungwi. Kenaka mbalule inalira, ndipo zilombo za Gule Wamkulu zinalowa m'bwalo: makanja ataliatali, kasiyamaliro, ndi ena okwera pamwamba pa mitengo yozikidwa, fumbi lili kobo. Guleyu analemekezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 monga cuma ca anthu a dziko lonse lapansi.

Pa nkhani ya gule, Adachi ndi Aroma akale anali ogwirizana: onse anali kumuletsa, ndipo Mkhristu wopita ku dambwe anali kudulidwa mumpingo. A gule naonso anabwezera mwa njira yao, napanga zilombo zonga Maliya ndi Simoni potengera maina a m'chalichi. Amalume, monga mkulu wa mpingo, anacoka pa bwalo zilombo zitayamba kulowa, nakaima patali. Koma ali pamenepo anaona anthu amene anatsala ndi amene anacoka. Anaona amai a zitenje za Cikatolika, amai a Cigwirizano a mpingo wao womwe, a Anglican, a mipingo ya Pentekoste ndi Asilamu a zisoti zoyera. Poyamba paja onsewa anali ataombera m'manja mfumu imodzi m'cinenero cimodzi, ndipo panalibe wofunsa mnzake kumene amapemphera asanamupatse malo pa mkeka.

MAU A MWINI MBUMBA

Usiku umenewo, ng'oma zikali kumveka, amalume anaitana alongo ao awiri ndi mtsikana uja pamaso pa ambuya. Analankhula mwacidule. Anati sanasinthe maganizo ao pa ziphunzitso zimene amasiyana ndi Aroma, ndipo sadzasintha. Koma anati safuna kuti dzina la mwana wa mlongo wao lidzakhale loitanidwa usiku pa mphasa ya imfa. Analamula kuti a kwa mnyamata auzidwe kuti atumizenso amithenga, ndipo adzalandiridwa. Za ana odzabadwa, anati ankhoswe a mbali zonse adzakhale pansi pamodzi ndi abusa ndi ansembe ukwati usanacitike, kuti pasadzakhale wonena kuti sanauzidwe.

Mtsikanayo anagwada naomba m'manja, nati, "Zikomo amalume." Amai ake anatenga madzi nasambitsa mlongo wao m'manja, ndipo anadya nsima ya usiku umenewo m'mbale zoyandikana. Nkhani ya ana ija ikali yoti ikambidwe, ndipo si yopepuka. Koma idzakambidwa ndi anthu opatsana moni. Akale anati cibale ndi fupa, siciola.

Mabanja ena amene angafune kuyenda ulendo wotere adziwe kuti nyengo yabwino ndi kuyambira June mpaka September, pakuti njira ya ku Msoro imavuta mvula ikagwa, ndipo mu October cigwa cimatentha koopsa. Anyamule ufa, ndiwo, madzi akumwa ndi zofunda, cifukwa usiku wa August umazizira kumtunda. Pofika pa mishoni ayambe aonekera kwa abusa, ansembe kapena akulu a pamalopo, ndipo pa midzi ayambe kwa amfumu. Pa mapanga a zithunzi ana aletsedwe kulemba maina ao kapena kusonkha moto. Koposa zonse, atenge okalamba ao akali ndi mphamvu zokwera motoka. Zaka za mishoni ndi maina a amene anazitsegula zinalembedwa m'mabuku ndipo zidzapezeka nthawi iliyonse, koma za amene anakankha mbale, amene anabwereka ngolo, ndi mudzi umene atate anacokera, zimadziwika ndi ambuya okha, ndipo iwo akapita palibenso wina wofunsa.